Buledi Amene Tinkapita Naye Kokazonda Achimwene

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka madokotala ndi anamwino, mayi katswiri wa zakudya amene muzikhala m'chipinda tikutsegulachi, madalaivala anzanga ndi makondakitala amene munasenza njerwa zomangira chipindachi pa masiku anu opuma, amayi ndi abambo, landirani moni ndi kuthokoza kwanga.

Mwandiitana monga wapampando wa bungwe la madalaivala, koma ndaima pano ngati mlongo wa munthu. Mpando wopanda munthu uwo, pafupi ndi khomo, ndinasungira achimwene anga. Sanabwere.

Achimwene ankayendetsa basi ya maulendo ataliatali, ndipo anali dalaivala woti okwera ankagona tulo osadera nkhawa. Kenaka mimba inayamba: kutupa ngati mpira, kupotokola, mpweya wosatha, kuthamangira kuchimbudzi. Ankaimitsa basi paliponse, mpaka okwera anawapatsa dzina loti a Siteji. Mukuseka, eti? Abwana awo sanaseke, anangowalanda makiyi.

Kuchipatala anawayeza uku ndi uku, osapeza kanthu. Ndiye ife abale tinachita zimene aliyense amachita pokazonda wodwala, kunyamula buledi. Azakhali buledi, apongozi buledi, anzawo akuntchito buledi. Alamu anga ankamunyika mu tiyi n'kumati, "Idyani bambo, n'chofewa ichi." Iwo n'kumadya, kuopa kutikhumudwitsa.

Ndi mayi katswiriwa amene anadzatiuza, madzi atafika kale m'khosi, kuti mu tirigu ndi balere muli mtundu wina wa shuga umene matumbo sagaya. Ukatsikira kumunsi, tizilombo ta m'matumbo timaudya, m'mimba n'kumawira ngati mowa mu mgolo. Kwa ambiri a ife palibe vuto, pakuti tizilomboto n'tothandiza ndipo chimenecho ndi chakudya chake; koma kwa ena, monga achimwene, ndi moto weniweni. Anati mpunga, mapira ndi mawere sizivutitsa choncho. Abale inu, mpunga! Unali m'kabati momwemo, pansi pa buledi.

Lero mimba inaphwa ndipo ululu unachepa, koma ntchito inapita, ndipo mantha anakhazikika. Dzulo nditawauza za mwambo uno, anandifunsa chinthu chimodzi chokha: "Achemwali, chimbudzi chili pafupi?" Ndinati chili pomwepo, ndipo mpando wanu ndauika pakhomo. M'mawa uno ndinawapeza atavala jekete ndi nsapato, atakhala pabedi. Anati, "Tsogolani, ndikupezani." Munthu amene ankakwera mapiri ndi basi yodzaza anthu, lero akulephera kutuluka pageti la nyumba yake. Zimandiwawa, sindikubisirani.

Choncho ndikupemphani. Madalaivala, mnzanu akayamba kuimaima panjira musamupatse dzina, bwerani naye kuno makiyi asanalandidwe. Anamwino, munthu akati m'mimba mukumuvuta, musamubweze ndi mawu oti ndi maganizo chabe. Mufunseni zimene amadya, ndiponso zimene abale ake amamubweretsera. Ndaonanso mabanzi amene mwaunjika patebulo apo. Idyani ndithu, koma amene wakana musamukakamize, ndipo musamufunse chifukwa pagulu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda cha uphungu wa zakudya ndi matenda a m'mimba chatsegulidwa tsopano. Anyamata okonza malo, mukamachotsa mipando, wapakhomowo muusiye kaye. Anati andipeza.

Zikomo kwambiri.