Nthochi M'manda a Pulofesa

Pa siteji ya Neno Boma, minibasi ya ku Blantyre ikudikira kudzadza, bambo wina anayankhula ndi mayi wovala zakuda amene anakhala naye pabenchi.

"Pepanitu mayi. Watisiya ndani?"

"Achimwene anga, a Binwell a ku Ligowe. Anali pulofesa ku Ulaya, ankaphunzitsa za mabanki ndi mmene ndalama zimawolokera malire a mayiko. Anamwalira komweko mwezi watha."

"Koma mwambo unayenda bwino?"

"Kuyenda bwino kwake kuti? Uthenga utangofika, adzukulu anathamangira kukumba manda, ati thupi lili m'njira. Ife tinagulitsa ng'ombe kuti tilipire ndege. Kubanki akuti madola kulibe, makwacha athuwo sangawoloke."

"Pulofesa wa mabanki yemweyo?"

"Yemweyo."

"Nanga dzenje lija? Pajatu silingagone lopanda kanthu."

"Tinaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira."

"Ndiye ulendo uno ndi wa kubanki konko?"

"Eya. Potsanzika ndawauza amayi kuti mwana wawo abwera ndithu. Andiyankha kuti ndisadzivute. Iwo analira kale nthochi ija, misozi ina alibe."