Tsiku Limene Anatibisa M'chinangwa

Kale kwenikweni, boma lisanabwere ndipo mawu oti msonkho tisanawamve, ife a ku Chintheche kuno tinkagona m'malinga poopa nkhondo, ndipo m'zaka zimenezo ndi m'mene mudzi wathu unalandira sukulu. Inu awiri, khalani pansi apo. Ndakuonani mukubisa mabuku pansi pa bwato pomwe anzanu ali m'kalasi, ndiye poti nthawi yotaya muli nayo, itayireni pa ine.

Sukulu yathuyo musaiyerekeze ndi yanuyi ya njerwa ndi belu. Chinali chisakasa cha udzu, tinkakhala pamchenga, ndipo zilembo zonse zinali pa thabwa limodzi lopachika pa mzati. Mphunzitsi anali Simiyoni, mnyamata wophunzira kumishoni, amene ankatiitana poomba nyanga. Ine ndinali wa msinkhu wanuwu, ndipo sikudzitama ayi, mutu unali wakuthwa: anzanga akadali pa a, e, i, ine ndinali nditayamba kulumikiza zilembo n'kutulutsa mawu athunthu.

Koma chaka chachiwiri mvula inagwetsa denga, ana n'kuyamba kuthawira ku usipa ngati inu nomwe, ndipo kunabwera uthenga woti mzungu wa kumishoni akufuna kumuchotsa Simiyoni, amupititse kumudzi wina wa kummwera kumene ana anali ambiri. Apo mudzi unadzuka. Asibweni anga a Malenga, alongo awo a amayi, munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anasiya ukonde padzuwa n'kutsogolera amuna anzawo wapansi mpaka kumishoni. Ulendo woyamba anabwezedwa, wachiwiri anapeza mzungu kulibe, ndipo wachitatu anakhala pakhonde osadya mpaka mzunguyo anatuluka.

Asibweni anati, "Ada, mwatilawitsa uchi pachala, lero mukutilanda mphika? Denga tikonza, ana tiwakusa. Tisiyireni mnyamatayu."

Mzunguyo chilankhulo ankachidziwa mwa apo ndi apo. Anati, "Mangani nyumba. Mwezi ukaoneka, ine kubwera, kuwerenga ana. Ana bwino, sukulu kukhala."

Mukanaona ntchito imene inagwiridwa! Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo tinalisenza mudzi wonse: amuna kudula milimo kuphiri mikondo ili pafupi, amayi kumweta udzu, ife ana kuponda dothi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Masiku ano mukafuna kukonza chitseko cha sukulu mumayamba mwakhala misonkhano itatu. Ife mabwato anagona pamtunda masiku asanu ndi awiri usipa uli mbwee m'madzi, koma panalibe wodandaula. Simiyoni anandisankha ine kuti ndidzaimirire pamaso pa mzungu n'kuwerenga mizere inayi, ndipo ndinkaibwereza popalasa, posamba, ngakhale potafuna kondowole.

Tsono tcherani khutu, chifukwa chimene chinatipha ndi mawu amodzi. Buku timawerenga, mbuzi timawerenganso. Mzungu ankatanthauza kuti adzabwera kudzatimva tikuwerenga, koma mawu atadutsa m'kamwa zitatu anafika kwa amayi athu akuti mzungu akubwera kudzawerenga ana. Ndipo kwathu kuno munthu sankawerenga ana. Mayi ukamufunsa kuti ali nawo angati ankangoti, "Alipo," chifukwa kutchula nambala kunali kuiuza imfa poyambira.

M'mudzimo munali mayi wina, Anyaphiri, amene ali mtsikana anagwidwa ndi ogula anthu n'kuthawa chombo chisananyamuke. Amayi a m'mudzi ali kokaviika chinangwa m'mphepete mwa nyanja, iye anaonetsa zipsera za m'khosi n'kunena kuti, "Ine ndinawerengedwapo. Anatiimika pamzere, wina akugunda mitu ndi kamtengo, wina akulemba. Mwamanga nokha nyumba yosonkhanitsiramo ana anu." Simiyoni atamva manong'onong'o anayesa kufotokoza, koma ndani akanamvera mnyamata wopanda ndevu, wodya mchere wa mzungu? Amayiwo anangomuyankha kuti yewo, zikomo wa kwathu, n'kupangana zawo amuna osadziwa.

Tsiku lobwera mzungulo m'mamawa amayi anga anandidzutsa kuti tikakumbe chinangwa kumunda wa kuphiri, tibwerako msanga. Titafika ndinapeza ana onse a m'mudzi ali khale pakati pa mizere, amayi awo atawazinga. Dzuwa litakwera ndinamva nyanga ya Simiyoni. Inalira kamodzi, kawiri, ndipo ndinadzambatuka, koma amayi anandigwira pamkono ndi dzanja lija losinja.

Ndinati, "Ama, ndilekeni! Akundidikira ine!"

Anati, "Anakubala ndi mzungu? Ndaika atatu m'manda, iwe sakuwerenga ndili moyo."

Ndinawaluma dzanja mpaka magazi, koma sanandisiye. Nyanga inalira mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenaka inaleka.

Zimene zinachitika kumudzi anandiuza asibweni. Ataona kuti ana kulibe, iwo ndi amuna anzawo, imvi zili mbuu, analowa m'sukulu yatsopanoyo n'kukhala pansi pamalo pathu. Mzungu atafunsa kuti, "Ana kuti?" asibweni anayankha mwaulemu wa kwathu kuti, "Ada, ana anu ndife." Mzungu analoza chilembo pa thabwa, koma akuluakulu onsewo chinawalaka. Sanakalipe. Anayang'ana denga, anati nyumba yabwino, ndipo madzulo ake Simiyoni anasenza thabwa lija pamutu n'kumutsatira. Asibweni sanalankhulane ndi mlongo wawo mpaka kukolola, koma madzi akatayika sawoleka. M'nyumbamo munagona mbuzi.

Sukulu inadzabwereranso ine ndili kale ndi mkazi ndi mwana, zilembo zitauluka m'mutu. Ndiye poti msonkho unali utafika, ndinapita kumigodi ku Halale monga anzanga onse. Kumeneko m'mawa uliwonse ankatiimika pamzere, aliyense kachitsulo ka nambala kali pamkono, ndipo kalaliki ankadutsa ndi pensulo akutiloza mmodzimmodzi. Mukudziwa kalalikiyo anali ndani? Mwana wa kumudzi wa kummwera kuja, msinkhu wanga, wophunzitsidwa ndi Simiyoni yemweyo. Zaka khumi ndi ziwiri anandiwerenga, ndipo kalata yonena za imfa ya amayi anandiwerengera ndi iyeyo, mofulumira, chifukwa kumbuyo kwanga kunali anthu ena odikira.

Musaganize kuti amayi ndimadana nawo. Anachita zimene mayi amachita, ndipo akanakhala wina sakanapirira mano anga. Koma mtima umawawabe, adzukulu anga, umawawa mpaka lero, chifukwa palibe mdani amene anatilanda sukulu ija. Tinaimanga ndi manja athu, n'kuitseka ndi chikondi chathu.

Ndiye tengani mabukuwo, sasani mchenga, mupite ngakhale mwachedwa. Mphunzitsi akakukwapulani, pirirani, zimapola. Pa dziko lino munthu amene sawerenga, amawerengedwa.