Chidindo cha a Pakadalipano

Abusa, akuluakulu a ku yunivesite, abale ndi alongo, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pano. Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi ang'ono anga, amene kuntchito kwawo ankadziwika ndi dzina loti a Pakadalipano. A banja andipatsa ine kuti ndiwerenge mbiri yawo chifukwa wamkulu wotsala ndine, osati chifukwa ndikuidziwa kuposa ena. Moyo wanga wathera m'misewu. Nkhani ya ntchito ya ang'ono angawa, woyamba kundiuza anali mlendo, bambo wina wogulitsa mankhwala a ziweto amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi. Basiyo inafera pamalo opanda mthunzi, ndipo podikira amakaniko anayamba kundisimbira za mphunzitsi wake wakale, osadziwa kuti akusimbira mkulu wake wa mphunzitsiyo. Sindinamuuze. Zina ndatola kwa alamu anga, akazi a malemu, zina kwa anzawo a kuntchito masiku apitawa.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1959, m'chipinda cha kuseri kwa shopu ya bambo athu, amene anali telala. Tinabadwa asanu, iwo anali achitatu. Tonse tinakula ndi fungo la nsalu zatsopano ndi mafuta a makina osokera. Kuyambira ali aang'ono anali munthu wopatsidwa zinthu kuti agwire. Bambo akamayeza kasitomala, nsonga ya tepi ankagwira ndi iwo. Ife tikamasewera mpira, malaya athu ankagwira ndi iwo. Mukaiwala n'kupita kunyumba, pobwerera munkawapeza ali pomwepo, malaya ali m'manja.

Sukulu anayamba mochedwa koma sanabwerezepo kalasi. Ine ndinalekezera panjira, iwo anapitirira ku sekondale mpaka ku yunivesite, kumene anasankha maphunziro a ndale. Mayi athu atamva sanakondwe. Kwa iwo ndale inali imodzi yokha, ija amatcherana anyamata kuti wina agwe chagada. Anafunsa kuti, "Sukulu yonseyi, mapeto ake mukaphunzire kugwetsa anzanu?" Malemu anayankha kuti, "Ayi amayi, ndikukaphunzira mmene munthu amatsikira yekha asanamugwetse." Mayi sanamve, ifenso sitinamve, koma limenelo ndilo linakhala phunziro lawo moyo wonse. Digiri yachiwiri ndi ya udokotala anakatenga kunja, ndipo anabwerera mwezi womwewo umene anamaliza, pamene anzawo ambiri anatsalira komweko.

M'chaka cha 1988 anamanga banja ndi mayi amene akhala kutsogoloku, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku positi ofesi, pa zenera lodinda makalata. Akuti malemu ankabwera pazeneralo kawirikawiri mpaka mayiwa anawafunsa ngati alidi ndi anthu owalembera, kapena akungodzilembera okha. Akhala limodzi mwamtendere. Mkangano wawo unali umodzi, ndipo ndifikapo.

Ntchito anayamba m'dipatimenti ya maphunziro a ndale pa yunivesite yomwe anaphunzirayo. Masiku amenewo aphunzitsi anali atatu. Maofesi anali zipinda ziwiri kumapeto kwa khonde lalitali, moyang'anana ndi zimbudzi, ndipo mvula ikagwa ankasuntha mabuku n'kuikapo ndowa. Malemu ankaphunzitsa za mmene atsogoleri amasiyirana mpando. Ankauza ophunzira kuti kulowa pa udindo aliyense amatha, mayeso a mtsogoleri ndi tsiku lotuluka.

Patapita zaka, mkulu wa dipatimenti anapeza mwayi wopita kunja. Anawaitanira mu ofesi, n'kuwapatsa kiyi ndi chidindo cha dipatimenti, chija chimadindidwa pa pepala lililonse la wophunzira lisanapite kwa akuluakulu. Anati, "Mundigwirizire pang'ono, ndibwera." Sanabwerenso. Kuyambira pamenepo aliyense wolowa mu ofesi kufunsa mkulu wa dipatimenti ankayankhidwa kuti, "Pakadali pano ndine, koma ndikungogwirizira." Ophunzira sanachedwe kulitola dzinalo.

Lamulo la pa yunivesite limati aphunzitsi azisankha okha mkulu wawo zaka zitatu zilizonse. Nthawi ikakwana, malemu ankaitanitsa msonkhano, kutulutsa chidindo m'thumba la jekete, kuchiika pa tebulo, n'kunena kuti, "Anzanga, ine ndatopa. Wina atenge." Pamenepo aliyense ankayamba kuyang'ana nsapato zake. Musawaweruze msanga. Mpando umenewo umadya munthu. Ndi misonkhano yoyamba m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka, malikisi a ophunzira otayika, makina okopera mapepala amene amafa sabata ya mayeso, makolo olira pakhomo. Wokhalapo salembanso buku, ndipo ku yunivesite wosalemba sakwera. Ndiye pamapeto pake wina ankatsokomola n'kunena kuti, "A Pulofesa, mungotifikitsa kaye pa digiri yachiwiri tikupempha kuti tiziphunzitsayi, ikavomerezedwa tikumasulani." Manja onse m'mwamba. Chidindo chinkabwerera m'thumba. Ndale ija ankaiopa mayi athu, anzawo ndi amene ankawatchera, ndipo ankawatchera mwaulemu, mowombera m'manja.

Apa ndi pamene panali nkhani ya bambo wa m'basi uja. Akuti tsiku lina malemu anaphunzitsa mwamphamvu za atsogoleri amene amangowonjezera nthawi yawo ponena kuti anthu akuwafunabe. Atamaliza, wophunzira wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, nanga inuyo teremu ino ndi yachingati?" Kalasi yonse inaseka. Malemu anapukuta choko m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Ine ndikungogwirizira pakadali pano." Kuseka kunachita kunyanya. Bamboyo pondiuza ankasekanso, koma anamaliza ndi kunena kuti aphunzitsiwo sanamalize phunziro la tsikulo. Alamu anga akulikumbukira tsiku limenelo. Akuti malemu anafika kunyumba masana, anakana chakudya, anakhala pa bedi osavula nsapato. Anawauza kuti, "Amayi, ana aja sanalakwe. Ndikuwaphunzitsa chinthu chimene akuona ndi maso kuti ine chandikanika." Kuyambira pamenepo chimene ankafuna chinali chimodzi: kupereka chidindocho ndi dzanja lawo, ali moyo, kwa munthu wosankhidwa ndi anzake.

Mkangano wa m'banja uja unali womwewu. Alamu anga atapuma ntchito ku positi ofesi anabweza chidindo chawo tsiku lomwelo, n'kusamba m'manja. Ndiye akamachapa jekete la amuna awo, limene thumba lake lakumanja linali lolendewera ndi lothimbirira ndi inki, ankati, "Bambo, changa ndinabweza ine. Chanuchi chinamera mizu?" Malemu ankati chaka chamawa. Anagula mipando iwiri ya pakhonde yoti azidzakhalapo akadzapuma. Umodzi watha, winawo ukadali watsopano.

Anzawo a kuntchito andipempha kuti nditchule zimene dipatimenti yapindula m'manja mwa malemu, ndipo ndizitchula, chifukwa n'zoona. Aphunzitsi tsopano apitirira khumi, ndipo pafupifupi theka ndi amayi. Digiri yachiwiri inavomerezedwa, ndipo chaka chatha inavomerezedwanso ya udokotala. Ophunzira awo anapambana mpikisano wa mtsutso wa mayunivesite a mayiko angapo, chikho chake chili pamwamba pa kabati mu ofesi. Kafukufuku wa dipatimenti wofufuza chifukwa chimene achinyamata ambiri sapitira kukavota watuluka ngati buku, ndipo wakambidwa pa wailesi. Makhansala amabwera pa tchuthi kudzaphunzira ntchito yawo. Anayi mwa ana awo a m'kalasi lero ndi madokotala, akuphunzitsa pomwepo. Maofesi anachoka moyang'anana ndi zimbudzi muja, tsopano ali pamwamba, kuli mazenera. Koma ndinene monga m'bale: chilichonse mwa zimenezi chisanabwere chinali chifukwa chowapemphera kuti adikire kaye, ndipo chikabwera panali patabadwa kale china. Buku lawo iwo eni, la atsogoleri otula pansi udindo, latsala losamaliza.

Ku mpingo anali mkhristu wokhulupirika wa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ankaimba besi, nthawi zina motsalira pang'ono. Kumeneko kokha ndi kumene sanagwire udindo uliwonse, ndipo tithokoze alamu anga. Tsiku lina mlembi wa mpingo atasamuka, wina anatchula dzina la malemu kuti agwirizire. Iwo asanatsegule pakamwa, mayiwa anaimirira n'kunena kuti, "Awa musawayerekeze. Ali ndi katundu wina sanatule." Abusa ali apawa ndi mboni.

Ine ndinkawaona mwa apo ndi apo, ndikamadutsa. Ulendo wina ndinawapeza mu ofesi, tiyi atazizira pambali, mulu wa mapepala ukuwafika pachifuwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, inu mumachoka bwanji pamalo? Mumangonyamuka?" Ndinati ndimangonyamuka. Anati, "Mudzandiphunzitse." Tinaseka, ndipo m'mawa mwake ine ndinanyamuka.

Malemu akhala akuvutika ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo. Miyezi iwiri yapitayo anagwa pakhonde la ofesi akupita ku msonkhano, mapepala ali m'khwapa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi, movutikira. Jekete lija linapachikidwa kumutu kwa bedi, chidindo chili momwemo. Inali nyengo yoti ophunzira omaliza adindiridwe mapepala awo, ndiye mlembi wa dipatimenti anabwera kudzachipempha. Malemu anapukusa mutu. Anavutika nthawi yaitali kuti atulutse liwu limodzi, ndipo liwulo linali lakuti, "Wosankhidwa." Mlembi anabwerera chimanjamanja. Anabweranso wina wamkulupo, yankho linali lomwelo.

Choncho aphunzitsi anakumana, koyamba opanda malemu m'chipindamo. Akuti poyamba zinali monga mwa masiku onse, aliyense maso ku nsapato, mpaka wina ananena kuti mwina adikire a Pulofesa achire kaye. Pamenepo anaimirira a Dokotala amene anatsogolera kafukufuku wa achinyamata uja, mayi amene anali mwana wawo wa m'kalasi. Anati, "Anzanga, tawatopetsa mokwanira bambo aja. Timalemba mabuku odabwa kuti anthu savota, ife tikukanika kuvota m'chipinda chimodzi. Ndiima ine." Atatero, mphunzitsi wina wamwamuna anati nayenso aima. Kunali chisankho chenicheni, cha anthu awiri, chovota mobisa, ndipo mayiwo anapambana ndi mavoti ochepa. Wogonjayo anawagwira chanza. Pa zonse ndatchula zija, ndikuganiza kuti nkhani imene malemu akanaikonda koposa ndi imeneyi.

Masana a tsiku lomwelo, nthawi yoona odwala, a Dokotala anafika kuchipatala. Anawerama pafupi ndi khutu la malemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tavota. Tinaima awiri. Ndapambana ine. Ndabwera kudzalandira." Alamu anga anatulutsa chidindo m'jekete n'kuchiika m'dzanja lamanzere la amuna awo, lija linkagwirabe ntchito, kuti apereke okha monga ankafunira. M'mawa mwake malemu anatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu.

Asiya mkazi, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, ndi zidzukulu zisanu. Asiyanso mlongo wawo mmodzi, ndi ine mkulu wawo, amene ndimayenera kutsogola.

Chatsala chimodzi, ndipo alamu anga andilola kuchinena. Za masana aja ndamva pawiri. A Dokotala akuti malemu anatambasula dzanja okha, chidindo chinagwera m'manja mwawo, ndipo anamva bwinobwino liwu loti, "Basi." Alamu anga akuti dzanjalo linafumbata, anachita kutambasula zala chimodzichimodzi, ndipo milomo inkagwedera koma liwu silinatuluke. Onse awiri ndi anthu oona, ndipo onse awiri ankalira. Ine ndinalowa m'chipindamo m'mawa wa tsiku limenelo, ang'ono anga anandiyang'ana monga amayang'anira munthu wodutsa pamsewu. Ndatola nkhani za anthu ambiri m'maulendo anga, ndipo ndaona kuti otsala amakonda kukonza mathero. Ndiye ndinene poyera: ndikukayika ngati anamva kuti chisankho chachitika. Ndipo ngati dzanja linafumbatadi, sindikudziwa ngati anali matenda, kapena chizolowezi cha munthu amene anagwira zinthu za ena kuyambira ali mwana. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti dzulo alamu anga anapisa m'thumba la jekete limene tawaveka, ndipo mulibe kanthu.

Apumule mu mtendere, ndipo kumene apitako pasapezeke wowapempha kuti agwirizire.