Nyimbo Yolandirira Bwana

Pasiteji ya Makwasa minibasi inachedwa kubwera. Mayi wina wogulitsa nthochi anayang'anitsitsa mnyamata amene anaima pafupi naye, atavala malaya olembedwa kuti "Tidzutse Chikhalidwe Chathu."

"Achimwene, si inu munavina tchopa kumalayini a antchito a esiteti ya tiyi Lamulungu lija?"

"Ndife amene, mayi. Malayini onse tinasesa, holo yakale ija tinaipaka laimu. Anthu aleke kumanena kuti kwathu n'kwa zidakwa."

"Nanga nyimbo munalandirira manijala wa esiteti ija munaitenga kuti?"

"Anatiphunzitsa agogo a Simeoni. Ndi ya makolo imeneyo, Chilomwe chenicheni."

"Inuyo Chilomwe mumamva?"

"Moni yekha ndiye timatha."

"Ndiye agogowo anati nyimboyo ikuti chiyani?"

"Anangoti ndi yaulemu."

"Ulemu wake uti? Imati, 'Bwana mimba ngati dengu la tiyi, kuthyola ife, kunenepa iye.' Makolo ankaiimba m'munda kapitawo akangopotoloka."

"Iii mayi, musatero! Bwanatu anavina nafe, mpaka analonjeza malata a holo."

"Tinamuona akugwedeza dengu lakelo. Amayi tonse misozi ili chuchuchu, inu n'kumati chikhalidwe chatikhudza mtima. Kunali kuseka kumene kuja!"

"Kalanga ine! Ndiye watiitana kuti tikaimbenso mwezi wamawa, kukubwera eni esiteti ochokera ku Ulaya. Titani tsopano?"

"Kaimbeni, mwana wanga, ndipo mukakweze mawu. Agogo anuwo anaiimba monong'ona zaka makumi anayi, sanapatsidwe ngakhale msomali umodzi."