Galasi Limene Sindinaike

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndimaika magalasi kuno ku Dedza, ndipo chaka chatha ndinagona m'chitolokosi masiku awiri chifukwa cha galasi limene sindinalikhudze n'komwe. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndiye mundikhululukire ndikamalankhula mokalipa.

Mwini lesitilanti ina ya m'mbali mwa msewu anandiitana kuti nditchinge khonde lake ndi magalasi, poti makasitomala ankathawa mphepo ya mu Juni. Ndinayeza, ndinajambula papepala, n'kulembapo kuti pafunika galasi lophatikiza, lija la magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, lomwe likasweka zidutswa zimakakamira osagwa. Ndinalembanso kuti m'feremu mukhale labala ndi kampata, chifukwa chitsulo chimafutukuka dzuwa likawomba. Bwanayo anandiseka, akuti ndikufuna kumudyera, n'kundithamangitsa. Ntchito anapatsa mlamu wake wowotcherera mageti, amene anangopanikiza galasi wamba la pawindo pachitsulo, labala osaika.

Mvula ya matalala itabwera mu Disembala, magalasi onse aja anaphulika, limodzi n'kung'amba mkono wa a Nachisale, mayi woperekera zakudya pamenepo. Apolisi atafika, bwana uja anatchula dzina langa maso ali gwa. Anthu omwe ndimapemphera nawo mumphakati anayamba kunong'ona kuti ndatsala pang'ono kupha munthu chifukwa cha ntchito yosasamala. M'chitolokosimo sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinamufunsa Mulungu ngati kunena zoona kunasanduka mlandu.

Pa tsiku lachitatu a Nachisale anatulukira kupolisi, mkono uli m'bandeji, atagwira pepala la mafuta okhaokha. Linali pepala langa lija. Bwana analiponya pamulu wa mapepala okulungira tchipisi, iwo n'kulitola poti chojambulacho chinawasangalatsa.

"Bambo awa anachenjeza, sanawamvere," anatero. "Amene anaika magalasiwo ndinkamuphikira tiyi ndine. Ntchito andichotse, koma bodza ayi."

Ananditulutsa masana omwewo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ngakhale ndinamulankhula mwaukali. Inu amene mukunamiziridwa, musafooke, Iye amaona. Koma wina asabwere kudzandiuza kuti ndiiwale. A Nachisale anawachotsadi ntchito, ndipo zala zawo ziwiri sizipindika mpaka pano. Mukamathokoza Mulungu chifukwa cha ine, muwapempherere iwowo.