Manda Khumi ndi Awiri Opanda Nyimbo

Mwana wanga Esinati anaikidwa m'manda popanda nyimbo ndi imodzi yomwe, ndipo amene analetsa nyimboyo ndine, bambo ake, m'busa wanu.

Ndayamba ndi chimenechi kuti wina asadzanene kuti ndinabisa. Tsopano ndikupatseni moni. Muli bwanji abale ndi alongo? Amayi kumbuyoko, mwadzuka bwanji? Akuluakulu a mpingo pabenchi lakutsogololi, a Kamwendo ndi anzanu, ndakuonani. Kalata yanu ndalandira. Ili m'thumba la jekete muno. Tifika pamenepo.

Ambiri mumandidziwa ngati abusa basi. Achikulire okha ndi amene akukumbukira kuti ndisanavale kolala ndinali mtolankhani. Ndinkalemba nkhani za kuno ku Ntcheu n'kumatumiza ku nyuzipepala ina ya m'tauni. Mkonzi wanga anali ndi funso limodzi lokha. Ukamutumizira nkhani yoti ng'ombe zafa ku Sharpevale, iye ankaimba foni.

"Wakuuza ndani?"

"Anthu akutero, bwana."

"Anthuwo alibe mayina? Bwerera ukafunse."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkabwerera kukafunsa. Koma tsiku lomwe ndinakwera paguwa, funso limenelo ndinalivula pakhomo ngati nsapato zamatope.

Kusukulu ya ubusa sindinapite. Mkulu amene anayambitsa mpingo wathu anandimva ndikulalikira pamaliro ena ku Mlangeni, ndipo anati, "Uyu ali ndi moto." Patatha miyezi itatu anandisanjika manja. Anandipatsa kolala, Baibulo, ndi malamulo apakamwa. Limodzi mwa malamulowo mukulidziwa nonse: munthu wodulidwa mumpingo akamwalira asanabwezeretsedwe, mpingo suimba pamaliro ake. Ulaliki palibe. Amayi savala zoyera.

Sindinafunse kuti lachokera kuti. Ndinangolimeza. Ndipo abale, ndinkalikonda. Abusa ophunzira ndinkawanyoza paguwa pompano. Ndinkati, "Abusa a mabuku, mitu yodzaza, mitima youma! Ife sukulu yathu ndi Mzimu!" Inu munkayankha kuti ameni. Munkayankha mokweza. Ndikukumbukira.

M'zaka khumi ndi zinayi ndinaletsa nyimbo pamaliro khumi ndi amodzi. Ndawerenga, dzina ndi dzina. Mayi wina anali wachiwiri pamitala. Mnyamata wina anasiya kubwera kutchalitchi atayamba kukwera njinga za kabaza. Bambo wina anali wa kachasu. Pamaliro a bambo amenewo, abale awo ataona kuti ife tangoti duu, anakatenga zishango ndi zibonga, n'kuvina ngoma mpaka fumbi koboo. Ine ndinaima patali, manja nditapinda, ndikudziona woyera.

Kenako inafika nthawi yanga.

Esinati anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankaimba mukwaya ino. Anatenga mimba, mnyamata wake n'kuthawira ku Joni. Ndinamudula ndine. Ndinatchula dzina lake paguwa lino, iye atakhala apo pafupi ndi zenera. Anadzuka, anafunda chitenje kumutu, anatuluka. Anapita kukakhala kwa azakhali ake kutsidya kwa dambo.

Tsopano mvetserani mfundo iyi. Njira yochokera kwa azakhali akewo kupita kusikelo imadutsa pakhomo pa tchalitchi chino, kenako pamsika. Esinati anadutsapo kamodzi. Anthu anamuloza chala. Sanadutseponso. Miyezi yonse yotsala sanaonane ndi namwino.

Mayi ake, Nangozo, anandichonderera. "Bambo a Esinati, pitani mukamutenge mwana."

Ndinati, "Musiyeni aphunzire."

Musiyeni aphunzire! Wosaphunzira akunena zimenezo!

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, tikukumba mbatata ya kachewere kumunda. Foni inalira cha m'ma teni koloko m'mawa, kuti Esinati wayamba kubereka ndipo zavuta. Pomwe galimoto imapezeka, pomwe amafika naye kuchipatala, magazi anali atatayika ambiri. Anamwino anayesetsa, ndinaona ndi maso anga. Khanda linapulumuka. Esinati anatisiya dzuwa lili paliwombo.

Tsiku loika maliro ndinawaitanira a Kamwendo kuseri kwa nkhokwe. A Kamwendo, muli pompano, mundikonze ndikanama. Ndinati, "Nyimbo imodzi yokha. Vesi imodzi."

Inu munati, "Abusa, munatiphunzitsa ndinu. Kwa anzathu onse aja tinakana. Tikaimba pano anthu ati chiyani? Ati mwana wa abusa ali ndi khomo lakelake lolowera kumwamba?"

Mwa chiphunzitso changa, munkanena zoona. Ndiye ndinayenda ndekha, ndi miyendo yangayi, kupita pomwe panakhala amayi a kwaya. Ena anali atavala kale zoyera. Ndinati, "Kavuleni."

Abale, kodi munamvapo maliro opanda nyimbo muli mwini maliro? Pa khumi ndi amodzi aja ndinali ndisanamve kanthu. Pa amenewa ndinamva zonse. Ndinamva khasu lililonse la adzukulu. Ndinamva dothi likugwera pabokosi. Ndinamva mbuzi ikulira kumudzi. Nangozo, amene anakhala akuyambitsa nyimbo mumpingo muno zaka makumi awiri, anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, n'kutseka.

Woledzera uja anali ndi ngoma. Mwana wa abusa analibe kanthu.

Anthu atabalalika, patatha masiku atatu, Nangozo anabwera pakhonde n'kuika Baibulo langa pamphasa.

"Ndisonyezeni."

"Chiyani?"

"Pomwe palembedwa kuti mwana wanga asaimbiridwe. Mukandisonyeza, ndikhala chete. Mukalephera, sindidzakhalanso pabenchi inu muli paguwa, ndipo pakamwa panga sipadzatulukanso nyimbo."

Ndinati m'mtima, imeneyi ndi ntchito ya ola limodzi. Ndinatsegula. Tsiku linatha. Sabata inatha. Ndinawerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kenako ndinabwerezanso, kuchokera mu Juni mpaka mvula yoyamba. Ndinapeza za kudzudzula m'bale wochimwa. Ndinapeza za kumupatula. Ndinapeza zambiri za kumubweza. Za kuika munthu m'manda mwakachetechete ngati chilango, sindinapeze.

Ndinakwera minibasi kupita kwa mkulu uja amene anandisanjika manja. Ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa.

"Bambo, lamulo la maliro lija munalitenga kuti?"

"Ndinalipeza kumpingo komwe ndinachokera. Limathandiza, mwana wanga. Amoyo amaopa."

"Koma lalembedwa pati?"

Anaseka. "Iwe, wayambanso utolankhani?"

Ndinabwerako ndi yankho lomwe mkonzi wanga akanandibwezera: anthu akutero. Manda khumi ndi awiri, gwero lake n'kukhala "anthu akutero."

Nangozo anasunga mawu ake. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano sanalowe m'nyumba ino. Akulera mdzukulu wathu, mwana wa Esinati, koma ngakhale pomugoneka sanamuimbirepo. Popalira, zii. Pochapa, zii. Nyumba ya m'busa inasanduka ngati manda aja.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi ndinakalembetsa kusukulu ya ubusa, ija ndinkainyoza. Zaka zitatu, kupita ndi kubwera. Mukudziwa amene ndinamupeza kutsogolo kwa kalasi tsiku loyamba? Mayi. Wamng'ono, wosiyana pang'ono ndi Esinati. Anatipatsa ndime, anafunsa funso. Ine ndinadzuka, ndinathira moto monga mukundidziwira, mpaka thukuta. Anandidikira ndimalize.

"Bambo, mwalalikira bwino. Tsopano khalani pansi muyankhe funso. Akuyankhula ndani pamenepa? Akuuza yani? Chinachitika n'chiyani asananene mawuwa?"

Anyamata a m'kalasi anaseka. Ine sindinaseke. Linali funso la mkonzi wanga lija, litandipeza patatha zaka pafupifupi makumi awiri. Wakuuza ndani?

Pepala langa loyamba linabwera lofiira ndi inki. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaphunzira kuwerenga vesi pamodzi ndi anzake a kutsogolo ndi a kumbuyo, osati kulizula lokha ngati chinangwa. Ndinaphunzira kusiyanitsa chimene chalembedwa ndi chimene mpingo unangozolowera. Ndinaphunzira kuti chilango cha mpingo ndi cha munthu wamoyo, ndipo cholinga chake ndi choti abwerere. Wakufa ali kale m'manja mwa Mwini wake, ndipo ukatseka nyimbo pamaliro amene ukumukwapula ndi mayi wake. Anatitumiza kukakhala ndi odwala m'chipatala atatilamula kuti tisalalikire, tingomvetsera. Ine, kukhala ola lathunthu osalalikira! Ndinatuluka nditamva zinthu zomwe nkhosa zanga zinakhala zikufuna kundiuza zaka zonsezi.

Ndinene chilungamo. Sukulu sipereka Mzimu. Ndinaona ena akutuluka ndi satifiketi ndi mtima womwewo wouma. Ndinaphunziranso kuti ilipo mipingo ina yomwe ili ndi malamulo ake a maliro, inakhala pansi, inakambirana, ili ndi zifukwa zake. Imeneyo ikadziyankhira yokha. Koma ife sitinakhale pansi. Ife tinangomeza. Moto ndinali nawo, inde. Mafuwa ndinalibe. Ndipo moto wopanda mafuwa sunaphike kanthu, unangotentha nyumba yanga yomwe.

Nditamaliza, ndinayenda khomo ndi khomo kwa mabanja khumi ndi limodzi aja. Ndinati, "Ndinakulakwirani. Lamulo lija ndalifufuza, mulibe m'Baibulo." Mabanja anayi anandithamangitsa. Kwina anandithira madzi otsukira mbale. Sindikuwaimba mlandu. Mkazi wa bambo a ngoma aja anati, "Mwachedwa, abusa. Koma khalani pansi." Mabanja asanu ndi awiri avomera kuti tikaimbe pamanda a abale awo.

Mukufuna umboni wina? Chaka chatha mtsikana wina wa mumpingo muno anapezeka monga anapezekera Esinati. Dzina sinditchula, ndinasiya khalidwe limenelo. Akuluakulu anati ndilengeze paguwa. Ndinakana. Ndinakakhala naye pansi pamodzi ndi makolo ake, tinayankhula zolimba, tchimo tinalitchula kuti tchimo. Ndipo mwezi ndi mwezi amene ankamuperekeza kusikelo, kudutsa pakhomo pa tchalitchi chino, kudutsa pamsika mutu uli m'mwamba, anali Nangozo. Mayi ali moyo. Mwana ali moyo. Onse awiri ali muno lero. Aleluya!

Tsopano kalata ija. Loweruka likudzali tikuvundukula chiliza cha Esinati. Akuluakulu alemba kuti, ndiwerenge momwe zilili: "Mukaimbitsa nyimbo za mpingo pamanda a munthu amene anamwalira ali wodulidwa, Lamulungu lotsatira mubweze makiyi a tchalitchi ndi kolala."

Yankho langa ndi ili, ndipo ndikuyankha pagulu chifukwa Esinati ndinamudula pagulu.

Palembedwa pati?

A Kamwendo, sindikudana nanu. Lamuloli ndinakudyetsani ndine, ndi dzanja langali. Munali wophunzira wokhulupirika wa mphunzitsi wosaphunzira. Muli ndi masiku asanu ndi limodzi. Baibulo muli nalo, magalasi muli nawo. Mukandibweretsera ndime, osati "tinalipeza," osati "anthu ati chiyani," koma ndime, ndi amene akuyankhula, ndi amene akuuzidwa, ine Loweruka ndikatseka pakamwa. Ine ndinafufuza miyezi isanu, kenako zaka zitatu. Mwina inu mupeza. Mukapanda kupeza, makiyi si awa? Ndawaika patebulo pano kuti musavutike kudzawatenga kunyumba. Kolala ndivula Lamulungu, ndi kansalu chabe. Koma zimene ndinaphunzira simungandivule. Ndipo mukadzafuna m'busa wina, chonde abale, musamangofunsa ngati ali ndi moto. Mutumizeni kusukulu asanaike mwana wa munthu m'manda.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pomwe ine ndinataya mwana wanga. Ndikuthokoza mayi mphunzitsi uja ndi inki yake yofiira. Ndikuthokoza mabanja amene anandipatsa mpando, ndi amene anandithira madzi omwe. Moyo wanga lero ndi wosavuta kufotokoza. Ndimalima kachewere. Ndimaperekeza mdzukulu wanga kusukulu. Ndisanalalikire chilichonse ndimadzifunsa kuti wandiuza ndani.

Lachinayi lapitali tinali pabwalo, ine ndi Nangozo, tikusankha mbewu ya kachewere. Osandiyang'ana n'komwe anafunsa, "Loweruka ayambitsa nyimbo ndani?"

Ndinati, "Kwaya ikaopa, ndiyambitsa ndekha."

"Inu? Ndi mawu anu aja ngati ng'ombe ya pangolo? Mukufuna mwana wanga adzuke athawe?" Anaponya kachewere wowola kumbali. "Musayerekeze. Ndiyambitsa ine."

Ali panja apo, pamwala wa pansi pa mtengo. Sanalowe. Akuti aimbe kaye kumanda, ndipo Lamulungu likudzalo alowa, akhale pabenchi. Kaya paguwa adzapeza ine, kaya adzapeza wina, zimenezo zili ndi akuluakulu.

Loweruka, naini koloko m'mawa, kumanda a kwathu. Tiyamba ndi Esinati, kenako manda asanu ndi awiri aja, Loweruka lililonse amodzi. Amayi, amene mukufuna, zoyera zija ndinakuvulitsani muzichape.