Chingwe cha Mamita Khumi

A Kalipentala, amene kabati ya m'nyumba mwawo yatha zaka zisanu ndi ziwiri ilibe chitseko, anatopa ndi mawu a akazi awo akuti "inu mumangodziwa kuyamba", ndiye anakalembetsa mpikisano wa pazilumba, uja anthu amapikisana awiriawiri atamangana chingwe m'chiuno, kusambira mpaka pachilumba, kuthamanga, n'kulowanso m'madzi. Woti amangane naye chingwecho anasankha mlamu wawo, a Telala, mchimwene wa akazi awowo, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pompano" umadzam'peza mawa ali pomwepo.

M'mawa wa tsiku la ulendo anakumana pa depoti. A Telala anabwera atavala kale suti yalabala yosambirira, jekete pamwamba, tepi yoyezera m'khosi, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, kwezani manja," anatero akutulutsa chingwe m'jumbo.

"Kuti chiyani?"

"Ndikumangeni."

"Pano? Madzi ake ali kuti?"

A Telala anafunyulula pepala la malamulo n'kulisalaza pabondo. "Lamulo lachinayi. Awiriwo asatalikirane kupitirira mamita khumi kuchokera poyambira mpaka pomalizira."

"Poyambira mpikisano, alamu."

"Silinanene choncho. Langoti poyambira. Ife tayambira pano."

"Ine ndine bambo wa ana atatu. Sindimangidwa ngati mbuzi anthu akuona."

"Chabwino. Ndiwaimbire achemwali ndiwauze kuti mwalephera lamulo lachinayi?"

A Kalipentala anakweza manja.

M'basi anakhala mpando umodzi, chingwe chitaunjikana pakati pawo. Mayi wina wa mpando wa mbali inayo anawayang'ana, n'kusuntha chikwama chake kuchiika pamiyendo.

"Mwaona? Akuganiza kuti ndine mkaidi."

"Ayi mayi, si mkaidi," a Telala anafotokoza mokweza. "Ndi alamu anga. Akufuna amalizeko kanthu kamodzi."

"Khalani chete, inu."

"Ndimangowathandiza kumvetsa." A Telala anagogoda sutikesi ya mlamu wawo imene inali kumapazi. "Umu muli chiyani?"

"Zosinthira, thaulo, ayironi, ndi nsapato zanga zakuda zija zovala polandira mendulo."

"Iii, ndiye mulema nayo."

"Kulema nayo kuti?"

"M'madzi. Lamulo lachisanu ndi chiwiri. Chilichonse chimene wayamba nacho umalize nacho."

"Akunena zovala za mpikisano."

"Langoti chilichonse. N'chifukwa chake ine ndangobwera mmene ndililimu. Ayironiyo muimangirire kumsana, koma chingwe chake chisakolane ndi chathuchi."

"Sutikesi itsala kumtunda. Ndanena."

"Mwanena inu, koma pepala silinanene. Nsapatozo musadandaule nazo, ndinaziboola kale."

A Kalipentala anatembenuka pang'onopang'ono. "Munatani?"

"Mpikisano uwu amasambira atavala nsapato. Ndiye amaziboola pansi kuti madzi azituluka. Munandiuza nokha kuti ndikubowolereni."

"Ndinati zothamangira."

"Munati nsapato zanga. Achemwali anandipatsa mapeyala atatu, ndinaboola onse. Mabowo asanu ndi limodzi nsapato iliyonse, ofanana bwinobwino."

"Zakuda zija ndinakwatira nazo!"

"Ndinazizindikira. Chikopa chake n'cholimba, zinandithyolera singano ziwiri."

Basi itaima kuti anthu apumule, a Kalipentala anatsika mwaukali kulunjika kuchimbudzi. Chingwe chinakungika, n'kuwabweza chagada. A Telala anali atagwada pakhomo pa basi, akuyeza pansi ndi tepi.

"Kuchokera pano mpaka apo ndi mamita khumi ndi awiri. Dikirani, ndikuperekezeni awiriwo."

"Masulani kwa mphindi zisanu zokha."

"Ndiimirira panja. Mukamaliza mukoke kawiri."

Mkwiyo wonsewu unali ndi pake. Zoona zake n'zakuti a Kalipentala madzi amene ankawadziwa ndi a m'bafa, ndipo mumtima ankachita mantha kwambiri. Chingwecho kumtunda chinkawachititsa manyazi, koma m'madzi ndicho chinali chiyembekezo chawo chonse, poti pulani yawo inali yoti mlamu atsogole, iwo azingoyandama pambuyo. Basi itanyamukanso anafunsa ngati akungocheza.

"Koma mwakonzekera, alamu?"

"Miyezi itatu. M'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu."

"Osadumphitsa?"

"Ngakhale Lamulungu."

"Ndiye bwino," anatero a Kalipentala, n'kupuma mpweya wautali. "Chifukwa ine sindifuna munthu wondichedwetsa."

"Sindikuchedwetsani. Mayi a kunyumba akuti ndapepuka kwambiri."

Anafika padoko dzuwa litakwera. Panali boti lodikira kunyamula opikisana, ndi anthu ambirimbiri a mapewa otambalala akudziwongola. Chilumba choyamba chinkaoneka kutali, chaching'ono ngati batani. A Kalipentala anasuzumira m'madzi kufuna kuona pansi, pansi pake osaoneka. Anaika sutikesi pansi n'kukhalapo.

A Telala anawayang'ana, kenaka anayamba kumasula mfundo.

"Mukutani?"

"Ndawerenganso. Kuseri kwa pepala kuli mawu ang'onoang'ono. Akuti chingwe n'chosakakamiza, bola mamita khumiwo. Munalondola, alamu. Pepani, ndakuvutitsani ulendo wonse."

"Chisiyeni."

"Mwakhala mukunena kuti ndimasule."

"Pano ndikuti chisiyeni."

"Mwati si inu mbuzi."

"Alamu." A Kalipentala anatsitsa mawu, maso ali pa nsapato zobowoka. "Ine kusambira sinditha."

"Lero?"

"Chibadwire."

"Koma pa ukwati wa mwana wanga munaimirira n'kunena kuti mumasambira ngati nsomba."

"Zinali za paukwati zimenezo."

"Munati munawolokapo mtsinje wodzaza mutasenza chitseko."

"Panali mlatho." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mundimvetse. Zaka zonsezi achemwali anu akanditchula pagulu amaseka. Ndimafuna tsiku limodzi ndilowe m'nyumba muja ndi mendulo, ndiike patebulo, ndisanene kanthu. Ndiye inu mutsogole. Miyezi itatu ija igwire ntchito. Ine ndizingogwira chingwe, ndipo ayironi ndiisiya."

A Telala anakanda m'mutu pansi pa chipewa chalabala chosambirira. "Miyezi itatu ija sindimaphunzira kusambira."

"Nanga mumaphunzira chiyani?"

"Kukokedwa."

"Kutani?"

"Munandiuza kuti ndisavutike, mudzandikoka nokha. Ndiye ndimagona chafufumimba pa saka, pasimenti ya m'shopu, mayi a kunyumba n'kumandikoka ndi chingwe chomwechi kuchokera pa makina mpaka pakhomo. Poyamba ndinkagunda miyendo ya tebulo. Pano ndimawongoka bwino, mutu m'mwamba, zala pamodzi. Simudzamva n'komwe kuti kumbuyo kuli munthu."

"M'madzi munalowamo?"

"Mukadanena ndikadalowa."

"Ndiye tonse awiri..."

"Inu ndi amene munali nsomba."

Wokonza mpikisano anaimba wenzulo, opikisana n'kuyamba kukwera boti awiriawiri. Alamu awiriwo anangokhala pa sutikesi, wina mbali iyi wina mbali iyo, mpaka boti linanyamuka n'kusiya thovu. A Kalipentala manyazi anawagwira osati pang'ono, koma pansi pa manyaziwo mtima unali utakhala m'malo, ndipo anayang'ana boti lija ngati munthu woperekeza mlendo wovuta.

"Basi yobwerera imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Ikangodzaza."

"Mahinjesi a kabati ija ndinagula kalekale. Ali m'chitini pamwamba pake. Tikafika kusanade, chitseko chija ndikhoza kuchikhoma lero."

"Mpaka kumaliza?"

"Mpaka chogwirira."

"Achemwali akandifunsa za mpikisano ndiwauze chiyani?"

"Musanene kanthu."

"Akandifunsa ndinena. Ine kunama sinditha."

"Ndikudziwa, alamu. Dziko lonse likudziwa."

A Telala anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la jekete. Anagwiranso mfundo. "Poti mpikisano watha tisanayambe, lamulo lachinayi latha ntchito. Kwezani manja ndikumasuleni, mukalowe m'nyumba mwanu ngati bambo wa ana atatu."

A Kalipentala anagwira mfundoyo ndi manja awiri.

"Musayerekeze. Chifupikitseni chikhale mita imodzi. Achemwali anu ine sindikakumana nawo ndekha."